MIZINDA YA KU AMEREKA KUMENE MUNTHU ANGAKHALE WOPANDA GALIMOTO

Nkhani ya mbiri yakale imene inakambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu

Nkhani yathu ya lero icokera kutali, ku dziko la Amereka. Ambiri a ife tikamva dzina la dziko limeneli timaganiza za magalimoto, pakuti timamva kuti kumeneko munthu ali yense ali ndi galimoto yace. Mau amenewa ali ndi coonadi cambiri, cifukwa pa mabanja 10 ali onse a ku Amereka, mabanja 9 ali ndi galimoto, ndipo ambiri ali nazo ziwiri kapena zitatu. Nanga banja lotsalalo limakhala bwanji?

Funso limeneli likutikhudza ifenso. Masiku ano ana athu ena amapita ku Amereka kukaphunzira kapena kukagwira nchito, ndipo amafika kumeneko alibe galimoto, alibenso ndalama zoigulira. Ilipo mizinda imene mwana wotereyu angathe kukhalamo zaka zambiri, akuyenda pa basi ndi pa sitima, osasowa kanthu. Iliponso mizinda ina imene munthu wopanda galimoto amabvutika ngakhale kukagula mcere, ndipo nchito imamupita cifukwa alibe cokwera coti akafikire kumene yapezeka. Kusiyana kumeneku kunacokera ku malamulo amene anthu anapangana ndi ku kagawidwe ka malo zaka zambiri zapitazo. Inu mafumu, amene nchito yanu ndiyo kugawa malo, nkhaniyi muimva msanga.

Masiku a miyendo ndi akavalo

Mizinda yakale ya ku Amereka ili m'mbali mwa nyanja yaikulu ya Atlantic, kumene Azungu ocokera ku Ulaya anayamba kufikira. Mzinda wa Boston unayambidwa m'caka ca 1630. New York unayambidwa ndi anthu a ku Holland, ndipo Angerezi anaulanda m'caka ca 1664. Philadelphia unayalidwa ndi William Penn m'caka ca 1682. Pa nthawi imeneyo panalibe cokwera cina koma kavalo ndi ngolo, ndipo anthu wamba ankayenda pansi. Cifukwa cace anamanga nyumba zao moyandikana, ndipo msika, chalichi, sukulu ndi doko la ngalawa zonse zinali pamtunda woti munthu nkuyenda osatopa. Miseu imene anailambula pa nthawi imeneyo, yambiri ikalipo, ndipo nyumba zikali zoyandikana conco.

Anthu ataculuka, mizinda inatambasuka, ndipo miyendo yokha sinakwanire. M'caka ca 1832 anthu a ku New York anayala njanji pakati pa mseu, naikapo ngolo zazitali zokokedwa ndi akavalo. Inu alimi mudziwa kuti ng'ombe zimakoka ngolo mopepuka pa njira youma ndi yosalala kusiyana ndi mumcenga. Momwemonso kavalo amakoka anthu ambiri ngolo ikakhala pa njanji. Mzinda wa New Orleans unatsegula njanji yace ya mu mseu wa St. Charles m'caka ca 1835, ndipo njanji imeneyi ikali kunyamula anthu mpaka lero.

Koma akavalo anali ndi mabvuto ao. Pofika caka ca 1900 mu New York munali akavalo oposa 100,000. Taganizirani ndowe za ziweto zoculuka conco zili mbwee m'miseu ya mzinda umodzi, pamodzi ndi nchenche ndi fungo lace. Ndiponso ciweto cimadwala. M'caka ca 1872 cimfine ca akavalo cinafalikira m'mizinda yambiri, ngolo zinaima, katundu anaunjikana pa madoko. Mu Novembala caka comweco ku Boston kunabuka moto waukulu, ndipo anthu ozimitsa moto anakoka okha ndi manja ngolo zao zopopera madzi, pakuti akavalo anali gone m'makola. Nyumba mazana-mazana zinapsya. Kucokera pamenepo akulu a mizinda anayamba kufuna-funa cokoka cina cosadya udzu.

Matramu ndi sitima za pansi pa nthaka

Mzinda wa San Francisco uli pa mapiri otsetsereka kwambiri, ndipo akavalo ankaterereka ndi kugwa pokwera zitunda. M'caka ca 1873 Andrew Hallidie anaika cingwe cacitsulo m'ngalande ya pansi pa mseu, cimene makina ankacikoka osaleka. Ngolo ikafuna kuyenda inkagwira cingweco, ikafuna kuima inkacitaya. Ngolo zoterezi zikali kuyenda m'miseu ingapo ya mzindawo.

Cimene cinasintha zinthu kwenikweni cinadza m'caka ca 1888 ku Richmond, m'dera la Virginia, kumene Frank Sprague anayendetsa ngolo za pa njanji ndi mphamvu ya magetsi yocokera ku waya wa pamwamba. Iyi ndiyo tramu, yonga imene makolo athu opita ku migodi ankaiona ku Johannesburg, kumene matramu anayenda mpaka caka ca 1961. Pasanapite zaka zambiri, pafupi-fupi mzinda uli wonse wa ku Amereka unali ndi matramu ace. Pamene John Chilembwe anapita ku dzikolo m'caka ca 1897 nakaphunzira ku Lynchburg, m'dera lomwelo la Virginia, Amereka imene anaiona inali ya sitima, matramu ndi akavalo. Galimoto cinali cinthu cosowa, coseweretsa anthu olemera owerengeka.

Eni matramu ankatalikitsa njanji zao kunka ku minda ya kunja kwa mzinda, kenaka nkudula malo m'mbali mwa njanjizo nkugulitsa kwa ofuna kumanga. Cotero midzi yatsopano inamera motsatira njanji. Masitolo anali pamene tramu imaima, ndipo nyumba zinali pafupi, poti munthu nkuyenda mphindi zowerengeka. Mtengo wokwerera m'mizinda yambiri unali masenti 5, ulendo utalike kapena ufupike.

M'mizinda yaikulu miseu inadzaza, ndipo anaganiza zocotsa njanji pakati pa anthu. Ku Chicago, m'caka ca 1892, anaikweza m'mwamba pa mizati yacitsulo, sitima nkumadutsa pamwamba pa mitu ya anthu. Ku Boston, m'caka ca 1897, anakumba njira pansi pa nthaka, ndipo iyi inali yoyamba m'dziko lonse la Amereka. New York unatsegula yace pa 27 Okutobala 1904, ndipo mtengo wace unakhala masenti 5 mpaka caka ca 1948. Philadelphia unatsata m'caka ca 1907. Muwasunge maina anaiwa, Boston, New York, Philadelphia ndi Chicago, pakuti tikumana naonso kumapeto kwa nkhani yathu.

Galimoto ya Henry Ford ndi alimi

Henry Ford anali mwana wa mlimi wa pafupi ndi mzinda wa Detroit. M'caka ca 1908 anayamba kugulitsa galimoto yochedwa Model T pa mtengo wa madola 850. M'caka ca 1913 anakonza fakitale yace mwanjira yoti galimoto yosatha inkayenda pang'ono-pang'ono kudutsa pamaso pa anchito, ali yense akumangirirapo kacitsulo kace kamodzi. Nchito inafulumira, mtengo unatsika kufika pansi pa madola 300, ndipo pofika caka ca 1927 anali atapanga magalimoto amtunduwu oposa 15,000,000.

Amene anaikonda kwambiri galimotoyi anali alimi. Mlimi wa ku Amereka sakhala m'mudzi pamodzi ndi abale monga ticitira ife. Amamanga nyumba yace pakati pa munda wace, ndipo mnansi wace angakhale pa mtunda wa mailosi. Kupita ku msika, ku cipatala kapena ku chalichi pa ngolo kunali ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo mvula ikagwa njira zinkasanduka matope okha-okha. Galimoto ya Ford inali yaitali miyendo, yotha kuoloka matope, ndiponso yosabvuta kukonza. Alimi ena ankatukula gudumu la kumbuyo, nkukolekapo lamba, injini nkumaceka nkhuni, kupopa madzi kapena kutonola cimanga. M'caka ca 1916 boma lalikulu linakhazikitsa lamulo lothandiza ndi ndalama pokonza miseu ya kumidzi. Kwa anthu a kumidzi galimoto inali dalitso, ndipo palibe angakane zimenezi. Mabvuto anayamba pamene inaculuka m'kati mwa mizinda, mmene malo ndi ocepa.

Mmene matramu anafera

Tramu siingathe kupatuka pa njanji yace. Tsono magalimoto ataculuka, tramu yonyamula anthu 50 inkaima kumbuyo kwa galimoto yonyamula munthu mmodzi. Ikacedwa, anthu ena ankaitaya nkukagula magalimoto ao, miseu nkudzaziratu, tramu nkucedweratu. Kuonjezera apo, makampani a matramu anali atapangana ndi akulu a mizinda kuti mtengo udzakhala masenti 5. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, mitengo ya zitsulo ndi malipiro a anchito zinakwera, koma kukweza mtengo wokwerera kunali kobvuta. M'mizinda yambiri makampaniwo ankakakamizidwanso kukonza mseu wa m'mbali mwa njanji zao, mseu womwewo umene magalimoto ankayendamo. Pamene cuma ca dziko cinagwa m'caka ca 1929, makampani ambiri anali kale m'ngongole.

Panalinso mlandu wina. Kuyambira caka ca 1936, kampani yochedwa National City Lines inagula makampani onyamula anthu m'mizinda yambiri, ndipo m'malo ambiri inacotsa matramu niikapo mabasi. Ndalama zina zinacokera ku General Motors, yopanga mabasi, Firestone, yopanga matayala, ndi makampani a mafuta monga Standard Oil of California. M'caka ca 1949 bwalo la milandu ku Chicago linapeza makampaniwa olakwa pa mlandu wopangana kuti mabasi, matayala ndi mafuta zizigulidwa kwa iwo okha. Cindapusa cace cinali madola 5,000 pa kampani. Anthu olemba mbiri amatsutsanabe za kukula kwa mlanduwu. Ena amati makampaniwa ndiwo anapha tramu. Ena amati anaipeza ikudwala kale, iwo anangofulumiza maliro.

Citsanzo cacikulu ndi Los Angeles. Lero mzinda umenewu uchuka ndi miseu yodzaza magalimoto, koma kale unali ndi njanji za matramu ofiira a Pacific Electric zotalika mailosi oposa 1,000, zolumikiza mzindawo ndi midzi yonse yozungulira. Tramu yofiira yotsiriza, ya pa njira yopita ku Long Beach, inaleka kuyenda m'caka ca 1961. Akulu-akulu amati madzi akatayika saoleka. M'caka ca 1990 anthu a ku Los Angeles anatsegula njanji yatsopano atalipira ndalama zambiri-mbiri, ndipo njira yace inali yomweyo yopita ku Long Beach, mbali yaikulu ikutsata mmene munadutsa njanji yakale ija.

Nyumba m'minda ya mbatata

Tsopano tifike pa nkhani ya kagawidwe ka malo. M'caka ca 1926 Bwalo Lalikulu la Milandu la dzikolo linaweruza mlandu wa mudzi wa Euclid, m'dera la Ohio, ndi kubvomereza kuti akulu a mzinda ali ndi mphamvu yolamula kuti dera ili likhale la nyumba zogona zokha, dera ilo la masitolo, dera lina la mafakitale. Colinga cinali cabwino, pakuti palibe afuna utsi wa fakitale pakhomo pace. Koma mizinda yambiri inapitirira muyezo. Inaletsa ngakhale kasitolo kakang'ono pakati pa nyumba, inalamula kuti nyumba iri yonse ikhale payokha pa malo aakulu, ndipo pambuyo pace inalamulanso kuti womanga sitolo asiye bwalo lalikulu loimikapo magalimoto. Taganizani mfumu italamula kuti citsime, cigayo, msika ndi sukulu zikhale mailosi asanu kucokera ku nyumba za anthu, ciri conse kumbali yace. Anthu a m'mudzi wotere sangakhale opanda cokwera.

Nkhondo yaciwiri itatha, asilikari ambiri-mbiri anabwerera kwao akufuna nyumba, ndipo boma linawathandiza kupeza ngongole mwa lamulo la caka ca 1944. Banja la a Levitt linagula minda ya mbatata ya kacewere pa cisumbu ca Long Island, kum'mawa kwa New York, ndipo pakati pa 1947 ndi 1951 linamangapo nyumba zoposa 17,000 zofanana-fanana. Mudziwo anaucha Levittown. Anthu akuda sanaloledwe kugulamo nyumba. Midzi yotere inamera kuzungulira mzinda uli wonse, kutali ndi njanji, ndipo wokhalamo ali yense anayenera kukhala ndi galimoto.

Cimene cinatsiriza nchitoyi ndi lamulo la miseu yaikulu la caka ca 1956. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dwight Eisenhower, ali msilikari wacinyamata m'caka ca 1919 anayenda ndi mdipiti wa magalimoto a nkhondo kucokera ku Washington kukafika ku San Francisco, ndipo ulendowo unatenga masiku 62 cifukwa ca kuipa kwa njira. Pa nkhondo yaciwiri anaona miseu yotakata ya ku Jeremani. Lamulo limene anasaina linali lomanga miseu yotalika mailosi 41,000, ndipo pa madola 100 ali onse boma lalikulu linkalipira 90. Akulu a mizinda ataona ndalama zotere sanafune kutsala.

Miseuyi inathandiza kwambiri malonda ndi ulimi, pakuti zokolola zinayamba kufika msanga ku misika yakutali. Koma inalowanso pakati peni-peni pa mizinda, ndipo kuti idutse anagwetsa nyumba zikwi-zikwi. Kawiri-kawiri ankasankha madera a anthu osauka ndi a anthu akuda, monga Paradise Valley ku Detroit, Overtown ku Miami ndi Rondo ku St. Paul. Mabanja amene anakhala moyandikana mibadwo ingapo anamwazikana, machalichi ndi masitolo ao nkutha. Mizinda imene inakula pa nyengo imeneyi inakula motsatira miseu yamagalimoto. Phoenix, m'cipululu ca Arizona, unali ndi anthu ngati 107,000 m'caka ca 1950, ndipo pofika 2020 anali 1,600,000, ofalikira pa dera lalikulu zedi. Houston ndi Dallas inakulanso motero.

Amene anatsala pa basi

Olemera atasamukira kunja kwa mizinda ndi magalimoto ao, amene anatsala pa basi anali osauka, okalamba, olumala ndi anthu akuda ambiri. Ku Montgomery, m'dera la Alabama, okwera mabasi ambiri anali akuda, komabe lamulo linkawakhazika kumbuyo. Pa 1 Disembala 1955 mai Rosa Parks anakana kupereka mpando wao kwa Mzungu, ndipo anamangidwa. Anthu akuda a mumzindawo, motsogozedwa ndi mbusa Martin Luther King, ananyanyala mabasi masiku 381, ambiri akuyenda pansi mailosi angapo kupita ku nchito, kufikira bwalo la milandu linathetsa tsankho la m'mabasiwo.

Kusowa galimoto m'dziko lomangidwira magalimoto nthawi zina kumafika pa moyo weni-weni. M'caka ca 2005 namondwe wochedwa Katrina anafika ku New Orleans. Boma linalamula kuti anthu athawe, ndipo okhala ndi magalimoto anathawadi. Mabanja ambiri opanda magalimoto anatsala, madzi anasefukira mumzinda, ndipo anthu oposa 1,000 anafa.

Anthu amene anakana

Mizinda ina inapulumuka cifukwa eni ace anakana. Ku San Francisco anthu anasonkhanitsa maina ambiri a odandaula, ndipo m'caka ca 1959 akulu a mzinda anafafaniza miseu yaikulu 7 pa miseu 10 imene inakonzedwa. Ku New York kunali mkulu wamphamvu wa zomanga-manga, Robert Moses, amene anafuna kupyoletsa mseu wotakata kumunsi kwa cisumbu ca Manhattan. Mai wina wolemba nkhani, Jane Jacobs, anasonkhanitsa anansi ace, nacita misonkhano zaka zingapo, kufikira ganizo la mseuwo linatayidwa. Buku lace la caka ca 1961 linaphunzitsa kuti mseu wabwino ndi umene muli nyumba, masitolo ndi anthu oyenda pansi nthawi zonse, pakuti maso a anansi ndiwo amaulonda. Ku Boston, m'caka ca 1970, bwanamkubwa Francis Sargent anaimitsa kumanga miseu yaikulu m'kati mwa mzinda, ndipo malo ena amene anali atalambulidwa kale anayalapo njanji. Zoonadi mutu umodzi susenza denga. Anthuwa anapambana cifukwa anadandaula pamodzi, ndiponso sanatope.

M'caka ca 1973 maiko a Aluya analeka kugulitsa mafuta ku Amereka kwa miyezi ingapo. Magalimoto anandanda pa malo omwetsera petulo, ndipo ambiri anazindikira kuopsya kodalira cokwera cimodzi. Pa zaka zimenezo njanji zatsopano zinayamba kutsegulidwa. Dera la San Francisco linatsegula sitima zochedwa BART m'caka ca 1972, Washington unatsegula zace za pansi pa nthaka m'caka ca 1976, Atlanta m'caka ca 1979. Mzinda wa Portland unatseka mseu waukulu wa m'mbali mwa mtsinje m'caka ca 1974 nuusandutsa bwalo la udzu ndi mitengo, ndipo m'caka ca 1986 unabwezeretsa matramu amakono.

Kusankha mzinda lero

Tsono mwana wanu akalemba kalata kuti wapeza malo ku Amereka ndipo alibe galimoto, mbiri imeneyi ikuthandizani kumva zimene akunena. Woyamba pa mizinda yonse ndi New York. Kumeneko mabanja oposa theka alibe galimoto, ndipo ena mwa iwo ndi anthu opeza bwino amene sakuona cifukwa coigulira. Sitima za mumzindawo zili ndi masiteshoni 472, ndipo zimayenda usana ndi usiku. Ku Washington ndi ku Boston, pafupi-fupi banja limodzi pa mabanja 3 ali onse lilibe galimoto. Ku Philadelphia, San Francisco ndi Chicago ndi oposa banja limodzi pa mabanja 4. Mwaona kuti maina aja abweranso. Iyi ndi mizinda imene inakula galimoto isanafike, ndipo yambiri mwa iyo inasunga njanji zace. Ndiponso sitima za Amtrak zimalumikiza Boston, New York, Philadelphia, Baltimore ndi Washington, kotero munthu angathe kucezera abale m'mizinda yonseyi osakwera galimoto.

Iliponso mizinda ina imene munthu angakhalemo ngati asankha bwino dera, monga Portland, Seattle ndi Minneapolis. Ku Davis, m'dera la California, kumene kuli sukulu yaukacenjede yochuka pa zaulimi, anapatula njira za njinga m'miseu m'caka ca 1967, ndipo ophunzira ambiri amayenda pa njinga. Pa kacisumbu ka Mackinac, m'dera la Michigan, anthu analetsa magalimoto m'caka ca 1898 cifukwa ankaopsya akavalo, ndipo mpaka lero anthu ndi katundu zimayenda pa ngolo ndi pa njinga. Kumbali inayo kuli mizinda yonga Arlington, m'dera la Texas, wa anthu pafupi-fupi 400,000, kumene eni mzinda anakana kangapo pa bvoti kupereka msonkho wa mabasi.

Koma cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mizinda imene ili ndi sitima zabwino ndiyo imene anthu ambiri amaifuna, kotero lendi ya nyumba ku New York, San Francisco ndi Boston ndi yokwera koopsya. Ku Philadelphia ndi ku Chicago nyumba ndi zochipirapo, ndipo ambiri ofuna kukhala opanda galimoto amayang'ana kumeneko. Pamafunika kuwerengera mbali zonse ziwiri. Bungwe la eni magalimoto lochedwa AAA linawerengera kuti m'caka ca 2023 kukhala ndi galimoto yatsopano kunkadya madola oposa 12,000 pa caka, kuphatikiza petulo, inshuwalansi, kukonzetsa ndi kutsika kwa mtengo wace. Wolipira lendi yocepa kutali ndi mzinda angathe kupeza kuti ndalama zimene anapulumutsa pa nyumba zathera pa galimoto, ndipo zotumiza kumudzi palibe.

Safunsa anadya phula. Mwanayo asanalipire nyumba, afunse zinthu izi. Coyamba, kodi kucokera pakhomo kukafika pa siteshoni kapena poima basi ndi mphindi zingati pa miyendo? Dzina la mzinda palokha silikwanira, pakuti ngakhale ku Chicago midzi ya kunja imafuna galimoto. Caciwiri, kodi basiyo imabwera kangati? Basi yodutsa mphindi 10 ziri zonse ndi yodalirika, koma yodutsa kamodzi pa ora, ukaiphonya wacedwa ku nchito. Cacitatu, kodi imayenda usiku ndi pa Sabata? Alendo ambiri amayamba ndi nchito za usiku, m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba. Ku Chicago njira ziwiri za sitima zimayenda usiku wonse, koma ku Boston sitima zimaleka pakati pa usiku papitirira pang'ono. Cacinai, kodi sitolo ya zakudya ili pafupi, ndipo mseu wace uli ndi kanjira ka oyenda pansi? Madera ambiri atsopano alibe tinjira totere. Cotsiriza ndi nyengo. Ku Chicago ndi ku Minneapolis kumazizira mpaka madzi kuuma gwaa, ndipo ku Phoenix dzuwa la m'cilimwe limapha anthu caka ndi caka. Wodikira basi panja ayenera kudziwiratu zimenezi.

Mau otsiriza

Taona kuti anthu amene anayala miseu ya Philadelphia m'caka ca 1682, ndi amene anakumba njira ya sitima ku New York m'caka ca 1904, akuthandizabe anthu amene sanawaone. Taonanso kuti amene anazula njanji za Los Angeles anasiyira zidzukulu zao nchito yoyalanso pa mtengo waukulu. Malo akagawidwa ndipo nyumba zikamangidwa, zimakhala zaka zambiri kuposa munthu amene anagawayo. Inu mafumu, pamene anthu abwera kudzapempha malo a sukulu, a msika, a cigayo kapena a mjigo, mukumbukire nkhalamba, mai wapakati ndi mwana wa sukulu, amene adzapita kumeneko pa miyendo yao masiku onse. Ndipo inu makolo amene ana anu ali pa ulendo wa ku Amereka, muwauze kuti ayambe afunsa za basi ndi sitima asanakopeke ndi kukongola kwa nyumba.

Nkhani yathu yathera pamenepa.